Jezi ya goloboyi ya dzina la Lindahl: nsalu ndi yolimba, zilembo ndi zofunika kusamala

Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndinaitanitsa jeziyi pa intaneti kugulira mwana wanga wamkazi, yemwe amatchinga pagolo m'timu ya atsikana kusukulu kwawo, ndipo ndinapempha kuti kumsana alembeko LINDAHL ndi nambala 1. Wasewera nayo nyengo yonse ya mpikisano, pabwalo la fumbi lokhalokha lopanda udzu.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi zigongono. Anasokerera kasiponji m'kati mwa mikono, ndipo kakhalabe pamalo pake ngakhale tachapa kambirimbiri. Kale mwanayu akadziponya kudumphira mpira ankabwera kunyumba zigongono zitasupuka, magazi ali chuchuchu. Pano amabwera ndi fumbi lokha. Msoko wa m'khwapa, womwe umayamba kutumbuka pa majezi ambiri otchipa, uli bwinobwino. Nsalu imauma msanga, mukaichapa madzulo m'mawa imavalika.

Anthu amatifunsa kuti dzinali ndi la ndani. Kwathu tinayamba kutsatira mpira wa ku Sweden chifukwa cha Tabitha Chawinga, amene anagoletsa zigoli 26 mu ligi ya Damallsvenskan mu 2017 ali ku Kvarnsveden. Koma mwana wanga maso ake anali pagolo, ndipo kumeneko anakapeza Hedvig Lindahl. Mayiyu anabadwa mu 1983, anayamba kusewerera dziko lake mu 2002, ndipo anavala jezi ya Sweden maulendo 189. Anapita ku World Cup kasanu, ku Olympics kasanu. Ku makalabu anadutsa ku Linköping, Göteborg ndi Kristianstad, kenako Chelsea kumene anatenga ligi ndi FA Cup mu 2015, kenako Wolfsburg ndi Atlético Madrid.

Masewero amene amaonera mobwerezabwereza ndi a ku Olympics ya 2016 ku Brazil. Mu ndime ya matimu asanu ndi atatu Sweden inafanana mphamvu ndi United States 1-1, nkhani n'kupita ku mapenate. Lindahl anagwira penate ya Alex Morgan, ndipo akatswiri a dziko lonse aja anatuluka. Patangopita masiku ochepa, pabwalo la Maracanã lodzaza ndi eni dziko, anagwiranso mapenate awiri a Brazil, Sweden n'kulowa mu fainolo. Anagonja kwa Germany 2-1 n'kutenga mendulo ya siliva. Ku World Cup ya 2019 anatchinganso penate ya Janine Beckie wa Canada, kudziponya thupi lonse kumanja kwake, Sweden n'kupambana 1-0, kenako inathera pa nambala 3. Apo n'kuti ali ndi zaka 36. Ine chimandikhudza ndi chimenechi: munthu kukhala pagolo la dziko zaka pafupifupi 20, malo amene cholakwa chimodzi aliyense amachiona. Mtsikana amene anzake amamuuza kuti pagolo amaikapo wolephera kuthamanga ayenera kudziwa dzina ngati limeneli.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha zilembo. Si zopeta, ndi zomata ndi moto, ndipo chilembo H chayamba kung'aluka m'mphepete, nambala nayonso yachita timing'alu pakati. Ogulitsa sanalembe paliponse za kachapidwe kake. Tinachita kuzindikira tokha kuti ndi bwino kuitembenuza kaye, kuchapa ndi madzi ozizira osafikisa pamwala, kuyanika pamthunzi, ndipo simbi isayandikire kumsana. Chiyambire kutero kung'aluka kwaima, koma pamene panang'aluka kale pali chomwecho.

Sayizi nayo ndi yocheperako poyerekeza ndi imene alemba. Mwana wanga amavala M, koma iyi imamugwira m'mapewa akatambasula manja kudumphira mpira wam'mwamba. Ngati mukugulira mwana amene akukulabe, tengani yokulirapo. Mikono ndi yaitali bwino, imalowa m'magolovesi osasiya mpata padzanja.

Katundu anafika mochedwerako kuposa tsiku limene analonjeza, koma atakulungidwa bwino, dzina litalembedwa molondola. Ndikadzagulanso ndidzatenga L, ndipo ndidzafunsa kaye ngati angathe kupeta zilembo m'malo momata, ngakhale mtengo ukwereko pang'ono.