Kalasi ya ana ofunsa: zimene ndaona pasukulu ya Ayuda ku Joni

Ambiri mwa inu mwakhala mukundifunsa pa foni kuti ntchito yomwe ndinapeza kuno ku Joni ndi yotani kwenikweni. Ndikati ndimagwira pasukulu ya Ayuda, ena mumadabwa, mumati kodi anthu a m'Baibulo aja akadalipo? Alipo ndithu, ndipo ana awo amalira, amataya nsapato, amakana ndiwo ngati athu omwe. Mu South Africa muno alipo pafupifupi 50,000, ochuluka ali mu Johannesburg, ndipo makolo a ambiri mwa iwo anachokera ku Lithuania pakati pa zaka za m'ma 1880 ndi 1930. Ine ndimathandiza aphunzitsi m'kalasi ya Grade R, ya ana a zaka 5 ndi 6, kudera la Glenhazel. M'mawa uliwonse ndimakwera takisi mumsewu wa Louis Botha, kenako ndimayenda pansi mpaka pageti pomwe alonda amayamba akuyang'anitsitsa usanalowe.

Sabata yanga yoyamba ndinalakwitsa. Ndinabwera ndi mkute wa nsima ndi nkhuku, nthawi ya nkhomaliro nkutenga supuni ya chogwirira chabuluu m'kabati ya kukhitchini. Kamnyamata kena kanandipeza ndikudya, kanaima chilili, maso ali tong'o. Kenako kanati, “Anti, supuni yabuluu ndi ya mkaka. Ya nyama ndi yofiira.” Manyazi anandigwira. Aphunzitsi, omwe ana amawatchula kuti Morah, sanandikalipire. Anangotenga supuni ija nkuiika padera, nauza kamnyamata kaja kuti kandifotokozere chifukwa chake. Ndipo kanafotokozadi, kakumeza malovu, kuti Torah, mabuku asanu oyamba a m'Baibulo, imaletsa kuphika mwana wa mbuzi mu mkaka wa amake, ndiye iwo nyama ndi mkaka sazisakaniza, ngakhale mbale ndi miphika yake. Vesi limenelo lili pa Eksodo 23:19. Ine ndakulira m'tchalitchi, ndaimba kwaya zaka zambiri, koma ndinalimva koyamba kuchokera kwa mwana yemwe mano a kutsogolo anali atangoguluka kumene.

Tsiku limayamba ndi kapemphero kothokoza kotchedwa Modeh Ani, ndipo mwana aliyense amaponya kandalama kachitsulo m'chitini cha tzedakah, cha osauka. Akatero ndiye zilembo. Chihebri chili ndi zilembo 22 ndipo chimawerengedwa kuyambira kumanja kupita kumanzere, buku nalonso amalitsegulira komwe ife timati kumapeto. Anawa amaphunzira zonse ziwiri, Chingerezi ndi Chihebri, choncho si zachilendo kupeza mwana atalemba dzina lake chobwerera m'mbuyo. Chilembo chilichonse amachiumba ndi dongo, amachijambula pamchenga ndi chala, amachiimba. Tsiku loyamba a Morah anadontheza uchi pa chilembo cha alef chomatidwa pulasitiki, ana nkumanyambita. Anandiuza kuti ndi mwambo wakale, wofuna kuti mwana azikumbukira kuti kuphunzira nkozuna. Ndinakumbukira sitandade 1 yanga kwathu ku Ntcheu, titakhala pansi pa mtengo gulu lonse, tikubwereza a e i o u mokuwa uku tikuyang'ana kakhwapu m'manja mwa aphunzitsi. Sindikunyoza aphunzitsi athu, anali ndi ana osawerengeka pamunthu mmodzi. Kuno tili akulu awiri pa ana 18.

Lachisanu ndi tsiku lomwe ndimalikonda. Sukulu imaweruka msanga chifukwa Shabbat, tsiku lawo la Sabata, imayamba dzuwa likamalowa, koma tisanaweruke ana amayeserera za kunyumba. Amasankha mnyamata mmodzi kukhala Abba, kutanthauza bambo, ndi mtsikana mmodzi kukhala Ima, mayi. Mtsikana amaphimba maso ndi manja patsogolo pa makandulo awiri, mnyamata amadalitsa kapu ya madzi a mphesa, ndipo tonse timanyema buledi woluka ngati tsitsi wotchedwa challah, yemwe anawo akanda okha m'mawa. Ufa umakhala paliponse, mpaka m'makutu. Wosesa ndi ine, koma sindidandaula.

Ndinayamba ntchito mu Ogasiti, ndiye chikondwerero choyamba kuchiona chinali Rosh Hashanah, chaka chawo chatsopano. Mu Seputembala 2025 analowa chaka cha 5786. Kunabwera rabi ndi nyanga ya nkhosa yamphongo, shofar, naiomba m'kalasi momwemo mpaka ana ena kutseka makutu. Anadya maapozi oviika mu uchi. Za Yom Kippur, tsiku losala kudya maola 25, ana aang'ono sasala, amangophunzira kupepesana. Ndinaona atsikana awiri omwe ankalimbirana chidole akugwirana manja, wina nkuti “undikhululukire” nkhope ili cha kumbali.

Koma chomwe chinandifika pamtima ndi Sukkot, chikondwerero cha misasa chija timawerenga pa Levitiko 23. Pabwalo la sukulu anamanga chisakasa, denga lake masamba a kanjedza oyalidwa motalikirana kuti usiku uziona nyenyezi. Masiku 7 amadyera mmenemo, pokumbukira zaka 40 zimene makolo awo anakhala m'misasa m'chipululu. Ana anakongoletsa ndi maunyolo a mapepala ndi zipatso zojambula. Tsiku lina la mkati mwa chikondwererocho makolo anabwera ndi ana kudzadyera limodzi pasukulu. Tili mkati modya, kumwamba kunada bii, monga kumachitira ku Joni kuno nyengo imeneyi, ndipo mvula inagwa ndi matalala omwe. Tinathawira m'kalasi, mbale kumanja, maunyolo aja atanyowa akuchucha utoto. Fungo la dothi lija linandibweretsera kwathu konse m'mphuno. Ndinauza ana kuti ifenso timamanga misasa, ya kudimba yodikirira anyani ndi ya pamaliro, ndipo mvula yoyamba ya mu Okutobala timaitchula chizimalupsa. Anayesa kulitchula dzinalo mpaka kugwa nako kuseka. A Morah anati chikondwererochi chikangotha, Ayuda padziko lonse amayamba kutchula mvula m'mapemphero awo a tsiku ndi tsiku, motsatira nyengo ya ku Israel. Ndinawauza kuti nthawi yomweyo amayi anga amakhala atamaliza kugalauza, maso ali kumwamba.

Chanukah, chikondwerero chawo choyatsa makandulo, imagwa sukulu ili pafupi kutsekera kapena itatsekera kale, ndiye tinaiphunzira mothamanga kumapeto kwa Novembala: makandulo a masiku 8, madonasi okazinga m'mafuta, ndi mabuku ochokera kunja ojambulidwa chipale chofewa pomwe ife thukuta lili kamukamu. Purim, ya nkhani ya Estere, ndi phokoso lokhalokha. Aliyense amavala zodzisintha, ndipo dzina la Hamani likangotchulidwa ana amapukusa maseche ndi kuponda pansi kuti lisamveke. Amatumizirananso timaphukusi ta zakudya. Ine ndinalandira 11.

Tsopano ndifike pa Pesach, Pasika, chifukwa ndi imene yandilembetsa zonsezi. Kukonzekera kunatenga pafupifupi mwezi. Ana anapanga achule a mapepala a miliri 10 ya ku Aigupto, anasaka nyenyeswa za buledi m'makona onse a kalasi, popeza masiku 8 amenewo m'nyumba simukhala kanthu kalikonse kotupitsa. Anaphika matzah, buledi wopyapyala wopanda chotupitsa, akuyang'ana wotchi, chifukwa kuyambira pothira madzi mu ufa mpaka kuphika sipayenera kudutsa mphindi 18. Analawa madzi amchere, akuti misozi ya akapolo. Analawa muzu wowawa wotchedwa maror, nkhope zonse nkukwinyika. Analawa chosakaniza cha maapozi ndi mtedza chooneka ngati matope oumbira njerwa. Nkhani yomwe ine ndinaiphunzira ngati ya pamtima yokalakatula pa Sande sukulu, awa amaidya, imawawawa palilime.

Ndipo usiku wa mgonero waukuluwo, womwe amati seder, nkhani siyamba mpaka mwana wamng'ono pa onse ataimirira nkufunsa. Mafunso ake ndi anayi, amatchedwa Mah Nishtanah. Chifukwa chiyani usiku uno ukusiyana ndi mausiku ena onse? Bwanji tikudya buledi wosatupa yekha, bwanji ndiwo zowawa, bwanji tikuviika kawiri, bwanji tikudya chotsamira? Akulu onse, agogo ndi alendo omwe, amakhala chete kumvetsera mwana, kenako nkumuyankha usiku wonse. Kwathu ine ndinkati ndikafunsa pakati pa akulu, yankho linali lakuti mwana safunsa zimenezo, udzaziona ukadzakula. Kuno mwana akafunsa funso lovuta a Morah amaomba m'manja, nthawi zina mpaka kumupatsa siwiti.

M'kalasi mwathu muli kamtsikana kamanyazi kwambiri, kosayankhula pagulu. Chaka chino ndiko kanali kakang'ono pabanja pawo kodziwa kuyankhula, choncho udindo unali wake. Nthawi yopuma kankabwera kudzakhala pamiyendo panga kuseri kwa kalasi nkumayeserera chapansipansi, kakusewera ndi mpango wanga. Kakaiwala mzere, kankandiyang'ana ngati ine ndikudziwa Chihebri. Pofika sabata yachitatu ndinali nditaloweza ndithu, ndipo ndinkakakumbutsa. Tsiku lotsekera amayi ake anandipatsa jumbo yodzaza ufa, makaroni ndi mabisiketi, zonse zomwe sakanatha kusunga m'nyumba pa Pesach, nandithokoza atagwira dzanja langa ndi manja awiri.

Titatsegulira, kanabwera kakuthamanga kuchokera pageti. Kanati kanaimirira pampando, kanaimba mafunso onse anayi osaphonya, ndipo agogo ake aamuna, omwe bambo awo anabadwira ku Lithuania, anavula magalasi nkupukuta m'maso. Kenako kanandifunsa kuti, “Anti, nanga kwanu ana amafunsa chiyani? Inu munachokera kuti?”

Ndinangoti tinachokera konkuno. Ndi zoona. Ife Angoni a kwa Gomani makolo athu ananyamuka kummwera kuno m'zaka za m'ma 1800, nayenda mpaka kuoloka Zambezi. Koma kupitirira apo ndinalibe chonena. Nyimbo za ngoma ndimaimba, koma mawu ake ambiri sindidziwa tanthauzo. M'takisi anthu akamayankhula Chizulu ndimangotolako liwu limodzilimodzi lomwe ndinkalimva kwa agogo anga, ndipo sindinawafunsepo kanthu mpaka anatisiya. Mwana wanga yemwe ndinamusiya kumudzi ali sitandade 3, ndipo za ulendo umenewo sindinamuuzepo ngakhale kamodzi.

Usiku womwewo ndinagula bandulo nkuimbira amayi pa WhatsApp. Titapatsana moni ndinati, “Amayi, kodi chiwongo chathuchi chinayamba bwanji? Nanga agogo aja ankati makolo awo anadzera njira iti?” Anayamba aseka, nkuti, “Iwe, zakugwera zotani ku Joniko?” Kenako ndinamva akukoka mpando. Ndinawapempha kuti aitane mdzukulu wawo adzakhale pafupi, ndipo ngati ali ndi funso asamuletse. Anayamba kufotokoza, mayina a anthu ndi a mitsinje omwe sindinawamvepo, mwana uja akuwadula mawu pafupipafupi. Bandulo inatha asanafike nkomwe pa Zambezi. Ndawauza kuti Loweruka ndiimbanso.