Kiliniki ya pakoleji pathu m'nyengo ya fuluwenza: mmene ndinaionera

Kwa inu amene mukubwera kudzayamba chaka choyamba, komanso makolo amene mumafunsa ngati ndalama ya chipatala yomwe imaphatikizidwa pa fizi ili ndi phindu, ndalemba izi za kiliniki ya pakoleji pathu monga inagwirira ntchito m'nyengo yozizira yapitayi, fuluwenza italowa m'mahositelo. Ndine wapampando wa hositelo ina ya anyamata, choncho odwala ambiri ndinkawaperekeza ndine, ndipo nanenso inandigwetsa.

Matendawa anafika mu June, chiperoni chitakuta mapiri, mayeso ali pafupi. Nthawi imeneyi aliyense amatseka mawindo, m'chipinda cha anthu awiri mumagona anayi chifukwa cha anzathu osowa malo, ndipo kulaibulale kumadzaza mpaka ena kukhala pansi. Kachilombo ka fuluwenza kamayenda m'timadontho totuluka potsokomola, poyetsemula ngakhale polankhula. Munthu amatha kupatsira anzake kutatsala tsiku limodzi kuti iye mwini amve kudwala, n'kupitiriza mpaka masiku 5 kapena 7 atadwala. Wopatsiridwayo amayamba kumva m'thupi pakangodutsa tsiku 1 mpaka masiku 4. Ndiye mukamva kuti wa chipinda cha kumapeto wagona, dziwani kuti khonde lonse lakumana nako kale. Fuluwenza sibwera pang'onopang'ono ngati chimfine cha mamina chija timayenda nacho. M'mawa uli bwinobwino, pofika madzulo thupi latentha, mutu ukuwawa, m'thupi mwaphwanya, bulangeti silikukwanira.

Choyamba chimene ndikuwayamikira akiliniki ndi chakuti aliyense wobwera atatentha thupi ankamubaya chala kumuyeza malungo asanamupatse kanthu. Kuno kwathu zimenezi si zosewera nazo, chifukwa zizindikiro zoyamba za malungo ndi za fuluwenza zimafanana kwambiri. Zotsatira zinkatuluka tili pomwepo pabenchi. Ochepa anapezeka nawodi malungo n'kulandira LA. Ambiri sanapezeke nawo, ndipo anamwino sanawapatse LA wongoti kuwasangalatsa, ngakhale ena ankaumirira kuti thupi lawo amalidziwa okha.

Pa nkhani ya bakitilimu ndi amokisilini ndi pomwe panali mkangano. Anyamata ambiri tinakula tikuona kuti chifuwa chikavuta amagula makapisozi pagolosale, ndiye kutuluka m'kiliniki ndi Panado yekha kunkaoneka ngati akunyozetsa. Ena ankatuluka akung'ung'udza kuti mankhwala enieni akuwabisa. Mayi amene amayang'anira kilinikiyi sanagonje. Ankafotokoza mofatsa, mobwerezabwereza, kuti fuluwenza imayamba ndi vairasi pomwe mankhwala amenewo amapha mabakiteriya, ndipo kuwamwa popanda chifukwa kumangowaphunzitsa mabakiteriyawo kupirira. Zimenezi si nthano. Kafukufuku wa pachipatala cha Gulupu ku Blantyre, woona magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016, anasonyeza kuti tizilombo tina toyambitsa matenda oopsa a m'magazi tikunka tisiya kumva mankhwala ozolowereka. Ine ndili mbali ya mayiwa. Kukana munthu wodwala amene wakwiya n'kovuta kuposa kungomupatsa chomwe akufuna kuti mzere uyende.

Panado yemweyo ankatiuza kamwedwe kake momveka: mapiritsi awiri a 500 mg, kudikira maola 6, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Anatichenjezanso kuti mankhwala ambiri a chimfine ogula kufamase ali kale ndi paracetamol mkati, mankhwala omwewo amene ali mu Panado, ndiye wophatikiza ndi Panado akhoza kupweteka chiwindi osadziwa. Tiyi wa mandimu ndi jinja sanatiletse. Anangoti tizimwa madzi ambiri, ndipo ofukiza bulugamu asamale ndi madzi owira m'zipinda zopanikiza.

Koma thandizo lalikulu kuposa lonse silinali piritsi. Linali kalata. Aliyense wotentha thupi kufika madigiri 38 komanso akutsokomola ankamulembera kalata yodinda yomuloleza kusapita m'kalasi, ndipo lamulo linali lakuti asabwerere mpaka patadutsa maola 24 thupi litazizira lokha, osati chifukwa wamwa Panado. Amene simunaphunzire pakoleji mwina simungaone kulemera kwa kapepala kameneka. Wophunzira sajomba ngakhale adwale. Amaopa kuphonya mayeso apakati, amaopa kuti akachepekedwa masiku olowa m'kalasi samulola kulemba mayeso omaliza, amaganiza za kholo lomwe linagulitsa matumba a chimanga kuti fizi ikwane. Ndiye amavala jekete ziwiri n'kukakhala pakati pa anthu mazana m'holo yotseka mawindo, akutsokomolera kumsana kwa anzake. Ungamuuze kakhumi kuti apume, sangamve, pokhapokha wina waudindo amutsimikizire kuti sataya kanthu. Akiliniki anapita okha kwa mkulu woona za ophunzira n'kugwirizana kuti aliyense wa kalata adzalemba mayeso apaderadera. Uthenga umenewo utazungulira m'magulu a WhatsApp a makalasi, odwala anayamba kugona m'zipinda, ndipo m'hositelo yathu ndinaona odwala atsopano akuchepa. Kafeteria nayo inavomera kuti mnzako akutengere chakudya m'kontena ukamupatsa kalatayo ndi khadi lako, chinthu chomwe masiku onse amakaniza.

Pamene ndinakhumudwa ndi podikirira. Ndi kakhonde kopapatiza ka mabenchi awiri, zenera limodzi lomwe linali lokhoma chifukwa cha mphepo. Wotsokomola ankakhala phewa ndi phewa ndi wodzatsukitsa bala, wodzatenga mankhwala a mphumu, ngakhale mtsikana woyembekezera. Anthu amenewa ndi omwe fuluwenza imawapweteka kwambiri: amayi apakati, odwala mphumu, shuga, mtima, ndi omwe chitetezo chawo cha m'thupi chatsika. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse fuluwenza imapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 padziko lonse kudzera m'matenda a m'mapapo. Ife anyamata amphamvu timadzuka pakatha sabata, koma mnzathu wa mphumu akhoza kuthera ku chibayo. Kunja kwa kiliniki kuli mtengo waukulu wa mthunzi. Kutulutsa benchi imodzi kuti otsokomola azidikirira panja sikufuna bajeti. Mamasiki anayamba kugawa mochedwa, mlili utafalikira kale, ndipo ankatha msanga.

Nthawi yotsekera nayonso ndi vuto. Kiliniki imatseka madzulo, pomwe kutentha thupi kumakonda kukula usiku. Usiku wina mnyamata wa m'khonde lathu anayamba kupuma mwabefu, akudandaula kuti pachifuwa pakumuwawa. Pachitseko cha kiliniki panalibe ngakhale nambala yoimbira. Tinachita kudzutsa alonda a pageti kuti atithandize kupeza galimoto yopita kuchipatala cha boma, komwe anamugoneka. Anachira, tikuthokoza Mulungu. Zitachitika izi anamwino anamata pepala m'hositelo iliyonse lotchula zizindikiro zosafunika kudikira m'mawa: kupuma movutikira, kupweteka pachifuwa, kusokonezeka mutu, milomo kusintha mtundu, kusanza chilichonse chomwe wamwa, komanso kutentha thupi kobwereranso munthu atayamba kupeza bwino. Pepala limenelo linayenera kumatidwa sabata yoyamba.

Ogona m'nyumba za lendi kunja kwa mpanda, omwe ndi ambiri ndithu, anasiyidwa okha. Anamwino ankayendera mahositelo a mkati, koma wa kunja ankayenera kuyenda wapansi kapena kukwera kabaza ali ndi litsipa kuti adzangotenga kalata. Ena ankaona kuti bola angolowa m'kalasi poti afika kale.

Za kusamba m'manja ndinene mwachidule. Ndowa za mpopi zomwe zinabwera nthawi ya COVID-19 mu 2020, n'kugwiranso ntchito pa kolera ya 2022 ndi 2023, anazitulutsa n'kuziika pakhomo la kafeteria ndi laibulale. Madzi ankakhalamo, sopo ndiye ankasowa kawirikawiri, ndipo kusamba kwa masekondi 20 popanda sopo n'kungonyowetsa manja. Ife tinasonkherana m'hositelo n'kugula sopo wa mtanda, kumudula n'kumumangirira ku ndowa ndi chingwe. Chomwe chinathandizanso ndi kukakamizana kutsegula mawindo masana ngakhale kunkazizira, ndi kusabwerekana makapu ndi masipuni.

Katemera wa fuluwenza pakiliniki pathu palibe. Nditafunsa, anandifotokozera bwino mmene amagwirira ntchito. Kachilomboka kamasinthasintha, choncho katemera amapangidwa watsopano chaka chilichonse. WHO imasankha mitundu yoti ilowemo mu February kwa mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi, ndi mu September kwa a kummwera. Amatenga pafupifupi masabata awiri kuti ayambe kuteteza, ndiye wofuna kubayitsa achite zimenezo kusanayambe kuzizira. Ku South Africa amabaya anthu omwe ali pachiopsezo chachikulu nyengo yozizira isanafike. Palinso mankhwala otchedwa oseltamivir omwe amathandiza kwambiri akayambidwa m'maola 48 oyambirira, koma nawonso panalibe. Sindikuyembekeza kuti koleji ingabaye ophunzira onse. Koma kiliniki ili ndi kaundula wa odwala mphumu ndi shuga, ndipo ikanatha kuwaitana mu April n'kuwalangiza kokafunsa katemerayu.

Chinthu chimodzi chomwe anachita mwakachetechete ndinachikonda. Aliyense amene chifuwa chinamupitirira masabata awiri ankamutumiza kukayezetsa makhololo, kuopa kuti TB ingabisale pakati pa anthu otsokomola ochuluka chonchi. Sankamuchititsa manyazi pagulu, ankamuitanira m'kachipinda.

Ndiye kwa kholo lofunsa ndikuyankha kuti inde, ndalama ija ikugwira ntchito, makamaka chifukwa cha anthu ogwira pamenepo, omwe ndi ochepa koma odziwa ntchito yawo ndi oleza mtima. Mwana wanu mumupatse buku lake la kuchipatala, kathemomita ka batire kogula kufamase, sopo, kapu yakeyake ndi bulangeti lachiwiri. Ngati ali ndi mphumu akalembetse kukiliniki sabata yoyamba, asadikire kudwala. Ife apampando a mahositelo talembera akuluakulu a koleji kupempha zinthu zitatu June wina asanafike: benchi ya panja ya otsokomola, namwino wogona pafupi wokhala ndi foni yodziwika kwa onse, ndi njira yoti wogona kunja kwa mpanda alandire kalata yake popanda kuyenda mtunda ali wodwala.