Gixen ndi kusinaipa pa eBay, mmene ndikuionera ine

Anzanga amene mumagula zinthu pa okushoni ya eBay, Gixen ndi imodzi mwa zinthu zochepa pa intaneti zimene ndingakuuzeni mosajejema kuti kayeseni, koma ndineneretu kuti siipambanitsa munthu okushoni ayi. Amene amanena kuti ukakhala ndi sniper, chida chokubidira pa masekondi omaliza ngati Gixen, ndiye uziwina chilichonse akunama. Ntchito yake ndi imodzi basi, kukuponyerani bidi yanu, ndalama zimene mwatchula pa katundu, kutatsala masekondi ochepa kuti okushoni itsekedwe, inu muli mtulo kaya muli ku ntchito kaya netiweki yanu yayamba kuvuta. Ngati wina waika ndalama zambiri kuposa inu mwaluza basi, olo bidi yanu italowa pa sekondi yomalizitsitsa.

Ndiye phindu lake lili pati? Lili pa mmene eBay imayendetsera mabidi, ndipo anthu ambiri amene amadandaula kuti alandidwa katundu pakamwa sanamvetse zimenezi. Ukaika bidi pa eBay sikuti ukunena mtengo umene ulipire, ukunena malire ako, ndalama zomaliza zimene ungalolere kutulutsa, ndipo eBay imabisa nambala imeneyo nkumakubidira yokha pang'onopang'ono. Wopambana amalipira malire a munthu wachiwiri kuphatikiza kandalama kowonjezera. Kowonjezerako kamatengera mtengo, chinthu chikakhala pakati pa $5 ndi $24.99 amakwera ndi masenti 50, pakati pa $25 ndi $99.99 amakwera ndi dola imodzi, kuyambira $100 mpaka $249.99 amakwera ndi $2.50. Ndipo pa okushoni zambiri nthawi yotsekera siisuntha. Ngati alemba kuti itha 21:14:07 itha nthawi yomweyo, olo anthu khumi abide pa sekondi yapitayo.

Tiyerekeze lenzi ya kamera yakale, ili pa $40 ndipo amene akutsogola anabisa malire ake pa $60. Inu mwaona kuti lenziyo kwa inu ndi ya $72 osapitirira. Mukaika $72 yanuyo kutatsala masiku atatu, mtengo umalumpha kufika $61 ndipo mnzanu uja amalandira uthenga pa foni kuti wapitiriridwa. Apa ndi pamene zimasokonekera. Munthu amene dzulo ankati lenziyi ndi ya $60 lero mtima wamuwawa, aika $65, aona kuti akadali pansi, aika $68, kenako $70, ngati munthu wogogoda khoma kuti amve pamene pali mphako, mpaka akupezani pa $72 nkukudumphani, kapena atopera pa $70 nkukusiyani mukulipira $71 pa chinthu chimene mukanatenga pa $61. Sanawerengenso mtengo wa lenzi, akungofuna asagonje. Pamene $72 yomweyo ikalowa kutatsala masekondi 6 alibe nthawi yoti akwiye, mwina uthenga uja uzimufika okushoni itatha kale, ndiye inu mwatenga pa $61. Kusinaipa ndi kumeneku basi, kubisa malire anu kwa anthu amene sanasankhe malire awo.

Izi si nkhambakamwa za ogula chabe. Akatswiri a zachuma awiri, Alvin Roth ndi Axel Ockenfels, anasindikiza kafukufuku mu 2002 wofananiza eBay ndi okushoni imene Amazon inali nayo nthawi imeneyo. Ku Amazon munthu akabida chakumapeto nthawi inkawonjezeka mpaka padutse mphindi 10 popanda bidi ina, ndipo anapeza kuti kubida mochedwa kunali kochuluka kwambiri pa eBay kusiyana ndi ku Amazon, komanso kuti pa eBay anthu ozolowera ndi amene ankachedwa dala. Anaonanso kuti zinkachitika kwambiri pa zinthu zamakedzana kusiyana ndi makompyuta, ndipo izi ndimazimvetsa bwino, chifukwa kompyuta mtengo wake aliyense akhoza kuufufuza koma wotchi yakale kapena mbale yakale amadziwa ndi ochepa, ndiye katswiri akabida msanga amakhala ngati wauza dziko lonse kuti apa pali chinthu. Roth yemweyu anadzalandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2012. Ndipo mchitidwewu ndi wakale kuposa intaneti, ku England m'zaka za m'ma 1600 ankagulitsa katundu poyatsa kachidutswa ka kandulo, amene watchula mtengo komaliza moto usanazime ndiye watenga, ndiye ochenjera ankayang'anitsitsa chingwe cha kandulo osati katunduyo.

Tsopano Gixen yeniyeniyo. Mukaitsegula koyamba mwina mukhumudwa chifukwa tsamba lake likuoneka lachikale, palibe zokongoletsa, ndi timabokosi ndi manambala. Ine zimenezo ndimazikonda, sizichedwa kutseguka ndipo palibe posochera. Mumakopa nambala ya katundu pa eBay, kuiika m'kabokosi, kulemba malire anu, kudina, basi mwamaliza. Katunduyo amaoneka pa mndandanda pamodzi ndi mtengo umene ulipo ndi nthawi yotsala. Kompyuta yanu mukhoza kuzimitsa chifukwa bidi imachokera ku seva yawo, kompyuta ya eni Gixen, osati kwa inu, ndipo apa ndi pamene imasiyanirana ndi mapulogalamu oika pa kompyuta ngati JBidwatcher yakale, amene ankafuna makina anu akhale oyaka ndiponso intaneti ikhale ilipo pa sekondi imeneyo. Mukhoza kuyamba mwaulere, ndiye pali gawo lolipira limene amalitcha Mirror, limene bidi yanu imaponyedwa kuchokera ku maseva awiri a malo osiyana kuti ina ikakanika ina igwire ntchito. Ngati mumagula mwa apo ndi apo yaulereyo ikukwanirani, koma ngati pali chinthu chimene mwachisaka nthawi yaitali ndipo sichipezekapezeka, ine ndinganene kuti lipirani. Ena alipo ochita ntchito yomweyi, eSnipe, Auction Sniper, Bidnapper, ndipo mfundo yake ndi imodzi, amasiyana pa kalipiritsidwe, ndiye werengani bwino musanalembetse.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi magulu. Tinene kuti lenzi yomwe ija ikugulitsidwa ndi anthu asanu osiyana ndipo inu mukufuna imodzi yokha. Pa eBay penipeni simungabide pa zonse zisanu chifukwa mukawina zitatu mulipira zitatu, bidi ndi lonjezo. Pa Gixen mumaziika zonse m'gulu limodzi, ikawina imodzi zotsalazo zimafufutika zokha. Izi zimasintha kagulidwe konse, chifukwa simukufunikanso kulimbirana imodzi ndi mtima wonse, mumaika mtengo wotsikirapo pa zonse nkudikira imene anthu ena aiwala, mwina imene wogulitsa anajambula chithunzi chamdima kapena analemba dzina molakwika. Chongoyang'ana nchakuti nthawi zotsekera zikhale zotalikirana ndi mphindi zingapo, zikatha pa nthawi imodzi pulogalamuyo siingadziwe msanga kuti yoyamba yawina kale.

China chimene anthu sachitchula kawirikawiri ndi ufulu wosintha maganizo. Malamulo a eBay ochotsera bidi ndi okhwima, amalola pa zifukwa zochepa ngati kulemba nambala molakwika kapena wogulitsa akasintha kwambiri zimene analemba, ndipo kukatsala maola osakwana 12 mumangokhala ndi ola limodzi chibidireni. Pamene bidi imene ili pa Gixen sinafike ku eBay, ndiye mukaona chithunzi bwinobwino nkupeza kuti galasi lili ndi nkhungu mkati, kapena wogulitsa akakuyankhani mozemba, mumangofufuta ndipo palibe amene mwamulakwira. Ingokumbukirani kuchita zimenezo nthawi ikadalipo osati mphindi yomaliza.

Koma zovuta zilipo ndipo sindizibisa. Chachikulu nchakuti zida za mtundu uwu zimafuna chilolezo chogwiritsa ntchito akaunti yanu ya eBay, zina mpaka pasiwedi yanu, sinanga zikubida m'dzina lanu. Ndiye mukupereka kiyi ya akaunti imene mwina ili ndi khadi lanu la ku banki kwa anthu ena. Ine ndimati pasiwedi imeneyo ikhale yayokha, isafanane ndi ya imelo kapena ya kwina kulikonse, ndipo tsiku limene mwasiya kugwiritsa ntchito sniper muisinthe. Ndipo mukasintha pasiwedi pa eBay muli ndi mabidi odikira, kaoneninso ku sniper kuja ngati zonse zili bwino, apo ayi bidi ikhoza osalowa. Chitetezo chija chotumiza kanambala pa foni nachonso nthawi zina chimatsekereza zida zotere, ndiye yesani kaye pa kanthu kotchipa muone ngati zikuyenda musanadalire pa chinthu chachikulu.

Vuto lachiwiri ndi loti mulibe mwayi wachiwiri. Mukabida msanga ndipo eBay ikakana, mumadziwa pomwepo nkukonza. Koma kukana kukabwera kutatsala masekondi 6 zatha. Ndipo zifukwa zokanira ndi zambiri, wogulitsa akhoza kukhala kuti anatsekereza ogula a m'mayiko amene satumizako katundu, kapena amene ali ndi mbiri yosalipira, kapena eBay ikufuna kuti muike kaye njira yolipirira. Zonsezi muziyang'ane pa tsiku loyamba, ndipo ngati simukumvetsa mufunseni wogulitsa. Komanso mtengo ukhoza kukwera kupitirira malire anu inu musakudziwa, ndiye bidi yanu imangofera panjira, koma izo si vuto kwenikweni, mwangopezana ndi munthu amene amachifuna kuposa inu.

Palinso mtengo wa kukhala chete. Okushoni ikakhala yopanda bidi ngakhale imodzi wogulitsa akhoza kuithetsa msanga poganiza kuti palibe akufuna, ndipo ngati pali batani la Buy It Now, logulira pomwepo osadikira okushoni, wina akhoza kungodina nkutenga inu mukudikira tsiku lachisanu ndi chiwiri. Ena amathana nazo poika kabidi kakang'ono koyambirira kuti wogulitsa aone kuti pali moyo, ndalama zenizeni nkuzisungira kumapeto. Ndimachita zimenezo pa zinthu zimene palibe aliyense akuziyang'ana, koma pa zinthu zotchuka sindiona chifukwa, anthu abida okha.

Za masekondi anthu amakangana kwambiri, ena amati 3 ena amati 2, kufuna kukhala womalizitsitsa. Ine ndimaona kuti akulimbana ndi zosafunika. Chimene mukufuna ndi chakuti munthu wobida ndi manja asapeze nthawi yolemba nambala ina, ndipo masekondi 6 kapena 8 amakwanira. Motsutsana ndi sniper mnzanu kuchedwetsa sikuthandiza chilichonse chifukwa nayenso anaika kale malire ake, wamkulu ndiye awina, ndipo mukafanana ndendende eBay imapatsa amene anayamba kubida. Kotero kulowa msanga pang'ono kuli ndi ubwino wake. Pa chifukwa chomwechi musamaike manambala ozungulira ngati $70 kapena $75, ikani $72.37 kapena $76.13, chifukwa anthu ambiri amaima pa manambala osalala ndipo masenti ochepawo akhoza kukudutsitsani. Ndipo powerengera malire anu muphatikizemo ndalama zotumizira ndi misonkho, chifukwa zimenezo sizilowa m'kabokosi ka bidi koma zidzatuluka m'thumba mwanu.

Ena amati ndi kubera. eBay yeniyo imalola, bidi iliyonse yolowa nthawi isanathe ndi yovomerezeka. Ine ndimaona kuti ndi chilungamo ndithu, chifukwa aliyense anapatsidwa mwayi woika malire ake enieni kuyambira tsiku loyamba ndipo amene waika zoona zake palibe sniper angamulande motchipa, amulanda pokhapokha atalipira zambiri kuposa iye. Kubera kwenikweni ndi kuja wogulitsa amatuma mnzake kapena akaunti yake ina kuti izikweza mtengo mwachinyengo, kumene eBay imaletsa, ndipo kusinaipa kumakutetezani pang'ono ku zimenezo chifukwa wachinyengoyo alibe malire anu oti awasakesake. Ogulitsa ena amadana nazo chifukwa nkhondo ya mabidi imawapindulira, ndikuwamvetsa, komano ali ndi zida zawo, akhoza kuyambira pa mtengo wokwera kapena kuika mtengo wobisika umene katundu sangapite pansi pake.

Musaganize kuti njirayi igwira paliponse. Masamba ambiri amawonjezera nthawi, Trade Me ya ku New Zealand ndi Bring a Trailer yogulitsa magalimoto ku America amawonjezera mphindi 2 wina akabida kumapeto, ndipo pa Yahoo! Auctions ya ku Japan okushoni zambiri zimawonjezera mphindi 5. Kumeneko kuponya pa sekondi yomaliza kumangodzutsa anzanu, ndipo Gixen ndi ya eBay yokha basi. Ndiye musanalembetse kwa aliyense wa awa onani kaye ngati kumene mumagulako nthawi yotsekera imakhala yosasuntha, ngati imasuntha sungani ndalama zanuzo.