Tchalitchi cha pa foni mu Lusaka: Mawu amafika, nanga bokosi adzanyamule ndani?

Utumiki umene ambiri angoutcha tchalitchi cha pa foni wafika paliponse mu Lusaka, ndipo kaya ku Chilenje, ku Matero kapena ku Chelstone, kayendetsedwe kake nkofanana. Amakulowetsani m'gulu la WhatsApp. Cha m'ma 5 koloko m'mawa abusa amatumiza uthenga wa mawu wa mphindi ngati 10. Lamlungu mapemphero amaulutsidwa pa Facebook Live, chopereka chimapita pa Airtel Money kapena MoMo ya MTN, ndipo pamakhala nambala yoimbapo zinthu zikavuta. Ena mwa oyendetsa amaitanira anthu ndi mawu ozuna akuti, "Ukakhala ndi Mulungu sufuna munthu." Pa malonjezo onse a utumikiwu, limeneli ndiye lofunika kulipenda bwino.

Tiyambe ndi zabwino, pakuti zilipo. Utumikiwu unakula mu 2020, matenda a COVID-19 atapezeka m'Zambia muno pa 18 March ndipo misonkhano itachepetsedwa. Unathandizanso mu January 2024 pamene kolera inavuta mpaka Heroes Stadium inasanduka malo ogonekamo odwala. Masiku ngati amenewo foni inasunga mipingo yambiri. Ngakhale lero, mlonda wogwira ntchito usiku, namwino wa pa shifiti, mayi wopita kukaoda ku msika wa Soweto kusanache, dalaivala wa thiraki amene wakhala pa mzere ku malire a Chirundu masiku atatu, ndi agogo amene miyendo inakana, onsewa amamva Mawu amene sakanawamva. Mtengo wakenso ngopepuka mukadziwa kusankha. Uthenga wa mawu wa mphindi 10 sudya ngakhale 2 MB. Vidiyo ndiye mfiti ya bandulo: ola limodzi pa chithunzi chooneka bwino cha 720p limatha kumeza 1 GB, pamene mukatsitsa kufika pa 360p mumathera pafupifupi 300 MB. Ulaliki sufuna kuona mabatani a jekete la abusa, choncho tsitsani.

Zovuta za zipangizo nzodziwika ndipo zambiri zili ndi mankhwala. Mawu amamveka ngati a mumgolo chifukwa foni yojambulira amaiika kumbuyo kwa tchalitchi cha malata, ndiye imatola phokoso lobwerera kudenga m'malo mwa mawu a mlaliki. Chofunika ndi kachingwe kotenga mawu kuchokera pa mikisa kulowa mu foni, apo ayi kamaikolofoni kopana pa kolala. Malaiti nawo ali ndi mbiri yawo. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, panali masiku amene magetsi ankabwera maola ochepa okha, ndipo ulaliki unkaduka pakati pa vesi. Power bank ya 10,000 mAh imadzaza foni wamba kamodzi kapena kawiri, nkokwanira Lamlungu limodzi. Chinanso chimene ma admin ambiri sanachidziwebe: kuyambira February 2025, Facebook imafufuta mavidiyo a Live pakatha masiku 30. Wofuna kusunga maulaliki aziwatsitsa okha. Pa chopereka, werengani dzina limene latuluka musanalembe PIN, chifukwa akuba amatenga chithunzi cha abusa nkutsegula nambala ina, kenako nkumapempha "mbewu" m'mainibokosi.

Izo ndi zazing'ono. Vuto lenileni lili m'kapangidwe ka gululo.

Gulu la WhatsApp limalola anthu 1,024, ndipo magulu otchuka amadzazadi. Anthu akachuluka chonchi phokoso limakula, wina kutsatsa salaula, wina kutumiza vidiyo ya ndale, ndiye admin amatseka kuti otumiza akhale ma admin okha. Kuyambira tsiku limenelo gululo lasanduka wailesi. Mawu amachokera mbali imodzi, enanu mumangoika kachizindikiro ka manja opemphera. Pa benchi ya m'tchalitchi, amayi amene amakhala pafupi ndi zenera akasowa milungu iwiri, mpata wawo umaoneka, ndipo wina amafunsa kuti, "Kodi amake mwana uja ali bwino?" M'gulu la anthu 1,024 mulibe mpata woonekera. Munthu akhoza kudwala, kugonekedwa, kutuluka, kapena kumwalira kumene, nambala yake ili phee pa mndandanda ngati ya wina aliyense.

Tiyerekeze kuti bambo wina wamwalira kunyumba ku Chawama 2 koloko usiku, ndipo mkazi wake tchalitchi chake ndi cha pa foni basi. Kusanache pafunika munthu wopita kupolisi kukatenga chikalata cha BID (Brought in Dead), cha munthu wofika kuchipatala atamwalira kale, popeza imfayo yachitikira kunyumba. Pafunika galimoto yonyamula thupi kupita ku mochale, ndi amuna olinyamula. Wina atenge NRC, chiphaso cha unzika, ya malemu ayende nayo m'maofesi mpaka chilolezo choikira maliro chituluke ku khonsolo. Kunyumba mipando ituluke panja, amayi ayale zitenje agone pansi ndi wofedwa, abambo akoleze moto panja ausunge usiku wonse. Thumba la ufa la 25 kg limadyetsa anthu pafupifupi 80 pa chakudya chimodzi, ndipo maliro a masiku atatu safuna thumba limodzi. Pafunika malasha, madiramu a madzi, kabichi, kapenta, mapoto akuluakulu obwereka, ndi mikono ya amayi yovundula nsima ya mu poto wotero. Tsiku loika pafunika basi yopita kumanda a ku Chingwere kapena ku Leopards Hill, kwaya, ndi amuna 6 ogwira bokosi. Pa zonsezi, gulu la pa foni limakwanitsa ziwiri: kufalitsa uthenga msanga ndi kusonkhanitsa kandalama. Sitikuzinyoza, ndalama imagula bokosi. Koma zotsalazo zimafuna miyendo ndi misana, ndipo mauthenga 200 a "MHSRIP" (mzimu wake uuse mumtendere) sasenza ngakhale chigubu chimodzi. Akale anati maliro nkulirana. Amabwera ndi amene munawalirira.

Nambala ya uphungu ija ilinso ndi malire amene otsatsa satchula. Abusa ndi munthu mmodzi, amagona, foni imatha moto. Ndipo pa foni munthu amangomva zimene wauzidwa. Mayi akati, "Tili bwino abusa, mutipempherere chabe," mawuwo sasonyeza diso lotupa, mbaula yozizira kuyambira dzulo, kapena mwana amene sanapite kusukulu chifukwa alibe nsapato. Mlangizi wofika pakhomo amaziona asanakhale pansi. Pa nkhanza za m'banja, nambala yaulere ya 933 ndi ya ana ya 116 zilipo usana ndi usiku, ndipo munthu amene wayamba kulankhula zodzipha afunika wina womugwira dzanja kupita naye kuchipatala, kaya ku kiliniki ya pafupi kapena ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo. Utumiki wabwino umanena zimenezi poyera. Umene umangoyankha kuti "tumizani pempho lanu la pemphero" pa vuto lililonse ngoopsa.

Tsono mawu aja akuti ukakhala ndi Mulungu sufuna munthu. Sanachokere m'mwamba chabe, ndipo amene amawakonda ambiri ali ndi zipsera. Wina anaulula vuto lake kwa mkulu wa mpingo, mawa lake nkhani ili pa mpope. Wina ankayang'anidwa nsapato polowa. Wina anatopa ndi makadi a zopereka osatha. Oterewa akamva Yeremiya 17:5 ndi Salimo 118:8, zochenjeza za kukhulupirira munthu, amapuma. Koma mavesi amenewo akudzudzula kuika munthu pa mpando wa Mulungu, kumuyesa mpulumutsi. Sakuletsa kukhala ndi mbale.

Onani pamene mawu akuti si bwino munthu akhale yekha ananenedwa. Ndi pa Genesis 2:18, tchimo lisanalowe. Adamu anali ndi Mulungu popanda chotchinga chilichonse, netiweki yodzaza tinganene, komabe Mulungu mwiniyo ndiye anaona kuti pali chosowa. Eliya atathawira kuchipululu nkupempha imfa pa 1 Mafumu 19, anapatsidwa mkate, madzi ndi tulo, kenako anauzidwa kuti alipo ena 7,000, ndipo mutuwo usanathe ali ndi Elisa pambali. Ku Getsemane Yesu anatenga Petro, Yakobo ndi Yohane nawapempha kuti adikire naye. Anagona, inde, anthu amakhumudwitsa, koma Iye anawapemphabe. Paulo, amene palibe angamunene kuti ankapemphera pang'ono, akulemba ali m'ndende pa 2 Timoteo 4 kuti Timoteo afulumire kubwera nyengo yozizira isanafike, atenge Marko, ndipo asaiwale chofunda chimene chinatsala ku Trowa. Chofunda! Mtumwi wamkulu akumva kuzizira, ndipo yankho la pemphero lake liyenera kubwera pa phewa la mnyamata woyenda ulendo wa masabata. Pa 2 Akorinto 7:6 akunena mosabisa kuti Mulungu anamutonthoza ndi kufika kwa Tito. Wotonthoza ndi Mulungu, koma analowera pakhomo ndi mapazi a Tito. Ndipo amene akuyendetsa tchalitchi cha pa foni awerenge 2 Yohane 12: Yohane anali ndi foni ya nthawi yake, pepala ndi inki, anaigwiritsa ntchito, koma anati zambiri akufuna akanene pamaso ndi pamaso kuti chimwemwe chikwanire.

Lusaka sakusowa chitsanzo cha mmene izi zimayendera. Akatolika ali ndi mphakati, kagulu ka akhristu okhala moyandikana, mipingo ina imati sekishoni kapena selo. Maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a Katolika a kum'mawa kwa Africa, anagwirizana mu 1973, nkutsimikiza mu 1976, kuti timagulu ta m'midzi ndi m'makomboni tikhale maziko a mpingo, ndipo Bishopu Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe anali mmodzi mwa otsogolera ganizolo. Timagulu tambiri timatsata masitepe 7 a Lumko, bungwe la Katolika la ku South Africa, pogawana Mawu: kuitana Ambuye, kuwerenga, kutola mawu okhudza mtima, kukhala chete, kugawana, kukambirana ntchito, ndi kupemphera. Sitepe ya 6 ndiyo imene foni ilibe. Pamenepo ndi pomwe amafunsana kuti ndani ali m'chipatala, ndani akagone naye pambali pa bedi usiku uno, nyumba ya ndani yalowa madzi ku Kanyama. M'zaka za m'ma 1990, ma ARV asanayambe kupezeka m'zipatala za boma, amayi a timagulu totere ndiwo ankasambitsa odwala m'makomboni ndi kuwaphikira phala. Mphakati nawo uli ndi matenda ake, miseche, kuchedwa, bambo mmodzi wolankhula ola lathunthu, ndiponso abambo ambiri amauona ngati wa amayi okha. Koma mlandu wa miseche umatha ndi kudzudzulana, sutha ndi kutseka chitseko.

Oyendetsa utumiki wa pa foni angathe kukonza zambiri popanda kugula chipangizo. Gulu lalikulu likhale la zolengeza ndi ulaliki, koma aliyense wolowa afunsidwe komboni yake ndipo aikidwe m'kagulu ka mabanja 8 mpaka 12 okhala moyandikana, mtunda woyenda pansi mphindi 20. Akapitirira 15, amanyazi amasiya kulankhula. Akachepera 6, awiri akadwala kagulu kamafa. Mtunda ngwofunika chifukwa kagulu kofuna minibasi ziwiri kamatha mwezi wachiwiri ndalama ya thiransipoti ikavuta. Akumane kamodzi pa sabata, ola limodzi ndi theka, mosinthana nyumba, ndipo mwininyumba asakakamizidwe kuphika. Madzi akumwa akwanira, apo ayi osauka amayamba kuzemba tsiku lawo. Pakhale oyendera awiri, mwamuna ayendere mwamuna, mkazi ayendere mkazi, kapena banja lipite pamodzi, kupewa zonena za anthu. Lamulo likhale lakuti wosowa kawiri motsatizana aimbiridwe, kachitatu afikiridwe pakhomo. Thumba la mavuto lisasungidwe pa nambala ya munthu mmodzi wopanda buku. Olemba akhale awiri, ndipo ndalama ziwerengedwe pamaso pa onse mwezi uliwonse. Timagulu tambiri timafera pa ndalama zosawerengedwa kuposa pa chiphunzitso. Zokambidwa m'nyumba zisalowe m'gulu la WhatsApp, ngakhale zitavala jekete la "tiyeni timupempherere mlongo wathu."

Chigamulo chathu pa utumikiwu nchogawika. Monga njira yofikitsira Mawu kwa amene ntchito, matenda kapena mtunda zawatsekera, ngwabwino ndipo ngwotsika mtengo; mlonda wa usiku alowemo osakayika. Monga cholowa m'malo mwa mpingo, monga ena akuutsatsira, sukwanira, ndipo kuperewera kwake kumaonekera tsiku loipitsitsa pamene nthawi yokonza yatha. Musanatumize chopereka choyamba, funsani admin mafunso awiri: "Kodi ku komboni kwathu kuli kagulu kokumana pamaso?" ndi "Nditadwala usiku, angabwere ndani, ndipo amakhala kutali bwanji?" Akakupatsani dzina la munthu ndi tsiku lokumana, lowani. Akakutumizirani linki ina, pitirizani kumvera ulalikiwo ngati ukukuthandizani, koma sabata lomwelo funsani aneba anu kuti mphakati kapena sekishoni ya m'dera lanu ikukumana nyumba iti, ndipo munyamule kampando kanu, mipando imaperewera.