Jezi ya Tottenham ya 2024/25 yokhala ndi dzina la Son kumsana

Mwa majezi onse amene Son Heung-min anavala pa zaka 10 zimene anakhala ku Tottenham Hotspur, imene ndikuona kuti ndi yoyenera kuiwonongera ndalama ndi yapakhomo ya nyengo ya 2024/25, yopangidwa ndi kampani ya Nike. Sindikunena izi chifukwa cha kukongola kwake, pakuti maonekedwe ake ndi wamba: thupi loyera, manja a buluu wodera, khosi lozungulira, tambala woima pa mpira pachifuwa chakumanzere, ndi zilembo zofiira za AIA, kampani yothandiza timuyi, pakati. Kufiira kumeneku sikugwirizana bwino ndi mitundu ina ya jeziyi, ndipo ochemerera ambiri a Tottenham sakukonda chifukwa ndi mtundu wa adani awo a Arsenal. Manja oderawo ndiwo amaisiyanitsa ndi majezi oyera okhaokha a zaka zina, ndipo kwa ine amaipatsa ulemu pang'ono.

Mtengo weniweni wa chovalachi uli pa zimene zinachitika pa 21 Meyi 2025 pa bwalo la San Mamés ku Bilbao, m'dziko la Spain, pamene Tottenham inagonjetsa Manchester United 1-0 m'ndime yomaliza ya Europa League ndi chigoli cha Brennan Johnson. Son, amene anali atangochira kuvulala kwa phazi, analowa m'chigawo chachiwiri, koma monga kaputeni ndi iye amene ananyamula chikho, choyamba cha timuyi kuyambira 2008 komanso choyamba chachikulu pa moyo wake wosewera m'makalabu. Munthu ameneyu, wobadwira ku Chuncheon, ku South Korea, mu 1992, anali atadutsa ku Hamburger SV ndi ku Bayer Leverkusen asanafike ku London mu 2015. Anali atagonja 2-0 kwa Liverpool m'ndime yomaliza ya Champions League mu 2019, atalandira mphoto ya Puskás, ya chigoli chokongola kwambiri cha chaka, chifukwa cha chigoli chimene anathamanga nacho kuchokera kufupi ndi golo lake polimbana ndi Burnley, ndiponso atagawana nsapato yagolide, mphoto ya womwetsa zigoli zambiri mu ligi, ndi Mohamed Salah mu 2021/22 pomwetsa zigoli 23 popanda cha penate n'chimodzi chomwe. Zonsezi anachita atavala majezi ena, koma palibe ngakhale imodzi imene inaona chikho. Chodabwitsa n'chakuti jezi yomweyi ndi imene timuyi inavala pomaliza ligi pa nambala 17 itagonja masewero 22, choncho woivala asayembekezere kuti anzake ochemerera matimu ena amusiya pamtendere.

Wogula ayenera kudziwa kuti jeziyi inatuluka m'mitundu iwiri. Ya Match, yansalu ya Dri-FIT ADV, ndi yofanana ndi imene osewera amavala pabwalo: ndi yopepuka, yothina, ndipo chizindikiro cha timu chimamatidwa ndi moto kuti chisakhule khungu la munthu amene akuthamanga mphindi 90. Ya Stadium ndi yotakasuka, chizindikiro chake n'chosokedwa, ndipo ndi yotsika mtengo. Ine ndikulangiza ya Stadium, chifukwa ambirife timavala jezi pokaonera mpira pa kanema kapena poyenda Loweruka masana, ndipo ubwino wa ya Match suoneka kwa munthu wongokhala pansi n'kumaonera. Nsalu ya mitundu yonse iwiri ndi ya polyester, imauma msanga ikachapidwa ndipo siimata pathupi munthu akatuluka thukuta. Vuto lake ndi kuyera: fumbi la mwezi wa Okutobala limaonekera tsiku lomwelo, ndipo imafuna kuchapidwa payokha, m'madzi ozizira, itatembenuzidwa, popanda kusita pa zilembo.

Nkhani ya zilembo ndi imene ambiri amaiphonya. Premier League imalamula matimu onse kugwiritsa ntchito kalembedwe kamodzi ka mayina ndi manambala, pamene m'mipikisano ya UEFA timu iliyonse imagwiritsa ntchito kalembedwe kake. Choncho amene akufuna jezi yokumbutsa usiku wa ku Bilbao apemphe kuti dzina la SON ndi nambala 7 zidindidwe m'kalembedwe ka zikho, ndipo pamkono pakhale baji ya Europa League. Ikadindidwa m'kalembedwe ka ligi ndiye kuti wagula chikumbutso cha kumaliza ligi pa nambala 17 kuja.

Pali ena amene amamukonda Son kwambiri chifukwa cha timu ya dziko lake, ndipo iwowa jezi yofiira ya South Korea, yopangidwanso ndi Nike, ingawakomere kuposa iyi. Ali ndi zifukwa zomveka. Ndi Son amene anamwetsa chigoli chachiwiri pamene South Korea inatulutsa Germany 2-0 ku Kazan mu World Cup ya 2018, ndipo chaka chomwecho anapambana mendulo yagolide ya Asian Games ku Indonesia, imene inamupulumutsa ku usilikali wokakamiza wa nthawi yaitali umene ukanadula ntchito yake pakati. Ku Qatar mu 2022 anasewera atavala chotchinga kumaso chifukwa cha fupa losweka pafupi ndi diso, ndipo anapatsira Hwang Hee-chan mpira umene unagonjetsa Portugal 2-1. Komabe majezi a dziko amasintha pafupipafupi, ndipo mbiri imeneyi yamwazikana m'majezi angapo, pamene ya Tottenham yaunjikana m'chovala chimodzi.

Kupeza jezi yeniyeni tsopano n'kovutirapo, popeza nyengo yake inatha ndipo Son anasamukira ku Los Angeles FC mu Ogasiti 2025 atasewera masewero 454 ndi kumwetsa zigoli 173. Zimene zadzaza m'misika ndi pa intaneti zambiri ndi zongotengera. Zimadziwika ndi ulusi wotsalira kuzungulira tambala, zilembo za AIA zopendekeka kapena zokhuthala ngati pulasitiki, ndi kachikwangwani ka mkati kamene nambala yake siigwirizana ndi jeziyo munthu akaifufuza. Wogulitsa amene akukana kutumiza chithunzi cha kachikwangwani kameneka asapatsidwe ndalama. Amene akukayikira za kukula atenge saizi yake ya masiku onse pa ya Stadium, koma akwere ndi saizi imodzi ngati wasankha ya Match.