Ndemanga ya Mazda CX-5 ya dizilo yochokera ku Japan ndi waranti imene inabwera nayo

Mazda CX-5 ya 2014, ya injini ya dizilo ya malita 2.2, ndi galimoto yokoma kuyendetsa, ndipo kuchokera pamene ndinaigula pamalo ena ogulitsira magalimoto ochokera ku Japan mumzinda wa Lilongwe, injini yake sinandivutitsepo. Komabe chimene chandichititsa kulemba ndemangayi ndi pepala la waranti limene ndinapatsidwa pogula, chifukwa ogula ambiri akangomva kuti galimoto ili ndi waranti mtima umakhala pansi, chikhalirecho zimene pepalalo limalonjeza sizifika pamene pali ngozi yeniyeni ya injini ya mtundu umenewu.

Za galimoto yeniyeniyo ndinena mwachidule. Injini yake, imene a Mazda amaitcha SkyActiv-D, ili ndi matebo awiri (tebo ndi chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) ndipo imakoka mwamphamvu kuyambira pansi, moti pokwera zitunda za ku Dedza ndi ku Ntcheu pamsewu wa M1, ngakhale mutanyamula banja ndi katundu, simumva kuti ikulemedwa. Giyabokosi yake ndi ya otomatiki ya magiya asanu ndi limodzi, osati ya CVT, yopanda magiya enieni, imene amakaniko ambiri kuno amaiopa. Pansi pake ndi pokwera bwino, pafupifupi masentimita 21, zimene zimathandiza m'misewu ya fumbi ndi m'maenje a nthawi ya dzinja, ndipo pa ulendo wautali simwa mafuta kwambiri. Wailesi yake, monga magalimoto ena opangidwira msika wa ku Japan, imalekezera pa 90 MHz, kotero pamafunika kachipangizo kowonjezera kuti mumve mawailesi ambiri a kuno, koma zimenezo n'zazing'ono.

Nkhani yaikulu ili pa sefa ya utsi yotchedwa DPF, imene imakola mwaye wotuluka mu injini. Sefayo ikadzaza, kompyuta ya galimoto imathira dizilo wowonjezera kuti utsi utenthe kwambiri ndi kuwotcha mwayewo, ndipo ntchito imeneyi imafuna kuti galimoto iyende mtunda wotalikirapo injini itatentha bwino. Munthu amene amangochoka ku Area 25 kupita ku Old Town, kuima pamzere wa magalimoto, kenako n'kuzimitsa injini, amaidula ntchitoyo pakati kawirikawiri, ndipo dizilo wina amatsikira mu oyilo. Oyilo wosakanikirana ndi dizilo amachuluka koma amapepuka, ndipo satetezanso bwino zitsulo zimene zimakhulana. N'chifukwa chake kandodo koyezera oyilo ka injini imeneyi kali ndi chizindikiro cha X pamwamba pa mzere wosonyeza kudzaza, ndipo oyilo akafika pamenepo ayenera kusinthidwa ngakhale nthawi ya sevisi isanakwane. Wogula wosadziwa amaona oyilo ali wambiri n'kumasangalala kuti injini siidya oyilo.

Pali vuto lina limene amakaniko a injini zimenezi amalidziwa m'mayiko ambiri. Timawashala ta mkuwa timene timatseka pansi pa ma injekita, zipangizo zopopera dizilo mu injini, tikayamba kudontha, mpweya wotentha umalowa mu oyilo n'kupanga zinyalala zakuda zolimba, zimene pang'ono ndi pang'ono zimatseka kasefa kamene pampu imakokera oyilo mu sampu, chotengera oyilo cha pansi pa injini. Oyilo akachepa mphamvu, tebo, camshaft (chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavavu a injini) ndi mabeyaringi zimadyeka, ndipo nthawi zina pamene nyali yofiira ikuyaka pa dashibodi zinthu zimakhala zitawonongeka kale. A Mazda eni ake anaitanitsapo magalimoto ena a dizilo a zaka zimenezi kuti akakonzedwe, ku Japan ndiponso ku Australia mu 2019, choncho ndi bwino kufufuza ndi nambala ya chasisi ngati galimoto imene mukufuna inapitako isanatumizidwe kuno. Tisaiwalenso kuti injiniyi inazolowera dizilo woyera kwambiri wa ku Japan ndi oyilo wapadera wa phulusa lochepa, wa mlingo wa DL-1 kapena ACEA C3, pamene kuno mafuta akasowa ambiri timagula dizilo wa m'zigubu amene sitidziwa kumene wachokera, ndipo m'magalaja ena amathira oyilo wa 15W-40 wa malole m'galimoto iliyonse ya dizilo.

Mavuto onsewa amafanana pa chinthu chimodzi, chakuti amakula mwakachetechete kwa miyezi yambiri, ngati chiswe m'denga la nyumba. Apa ndi pamene waranti yanga inaonekera kuchepa kwake. Inali ya miyezi itatu, inatchula injini ndi giyabokosi, ndipo pomva koyamba zinkamveka bwino ndithu. Koma m'mizere ya m'munsi munalembedwa kuti tebo, ma injekita, DPF ndi zamagetsi sizili m'gulu la injini, ndiponso kuti kuwonongeka kobwera chifukwa cha mafuta oipa kapena oyilo wosayenera sikulipiridwa. Kunena zoona, zimene zinachotsedwazo ndi zimene zimapha injini imeneyi, ndipo palibe wogula amene angathe kutsimikizira wogulitsa kuti dizilo yense amene anathira anali wabwino.

Mzere umene unandidandaulitsa kwambiri ndi wakuti waranti imatha pomwepo ngati makaniko wina, osati wa ogulitsawo, watsegula mbali iliyonse ya injini. Makaniko amene ndimamudalira anandilangiza kuti titsitse sampu, tione kasefa ka oyilo, ndi kusintha timawashala ta ma injekita vuto lisanayambe, imene ndi ntchito ya tsiku limodzi ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kugula injini ina. Ogulitsawo anakana kuichita ntchitoyo kwa iwo chifukwa, malinga ndi iwo, galimoto inali isanawonongeke, ndipo anakananso poyamba kuti ichitidwe kwina. Tanthauzo lake linali lakuti waranti inkaletsa ntchito yomweyo imene ikanateteza injini, n'kumandiuza kuti ndidikire kuti injiniyo iwonongeke kaye. Titakambirana kwa nthawi anavomera kulemba kalata yololeza, ndipo sampu itatsitsidwa kasefako kanapezeka koyera. Ndikuwayamikira pa kuvomera kwawoko, koma ndikuona kuti wogula wamanyazi akanangobwerera kwawo ndi pepala lake.

Ena amaganiza kuti inshuwalansi ya comprehensive ingawathandize injini ikafa, koma imeneyo imalipira ngozi ya pamsewu, moto ndi kubedwa, osati kutha kwa zitsulo. Waranti ya fakitale nayo inatha kalekale pa galimoto ya zaka zoposa khumi, ndipo ngakhale ikanakhalapo, inali ya msika wa ku Japan. Amene amaitanitsa okha pa intaneti, galimoto n'kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, amapulumutsa ndalama ndithu, koma akalipira msonkho ku MRA vuto lililonse limakhala lawo, chifukwa kubweza galimoto ku Japan n'kovuta kwambiri. Wogula pamalo a m'dziko muno ali ndi mwayi umodzi weniweni, wakuti angathe kuiona ndi kuiyesa galimoto asanapereke ndalama, ndipo akapusitsidwa angathe kukadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, bola akhale ndi mgwirizano wolembedwa ndi malisiti.

Mwayi umenewo uyenera kugwiritsidwa ntchito mokwanira. Pemphani pepala la okushoni la ku Japan, limene limasonyeza giredi ya galimoto ndi makilomita amene inali itayenda, ndipo chilembo cha R chimatanthauza kuti inakonzedwapo pambuyo pa ngozi. Pitani m'mawa injini isanalizidwe, kuti mumve mmene ikulirira ili yozizira, ndipo makaniko wanu alumikize kompyuta aone mphamvu ya oyilo ndi mtunda umene galimoto ikuyenda DPF isanadziwotchenso, popeza ikamadziwotcha pafupipafupi ndiye kuti pali chimene chalakwika. Makaniko akatsegulanso chivundikiro cha pamwamba pa injini amatha kuona ngati camshaft yayamba kudyeka. Wogulitsa amene akukana zonsezi, n'kumanena kuti musadere nkhawa poti pali waranti, ameneyo musiyeni ndi galimoto yakeyo.

Kwa munthu woyenda maulendo ataliatali, monga pakati pa Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, amene angathe kusintha oyilo woyenera msanga ndi kuthira mafuta pa filing'i siteshoni yodalirika, CX-5 ya dizilo ndi galimoto imene ndingamulimbikitse kugula, ndipo ineyo ndilibe maganizo oigulitsa. Kwa woyenda m'tauni mokha, CX-5 yomweyo ya petulo, ya malita 2.0 kapena 2.5, ilibe DPF ndipo m'zaka zimenezo inalibenso tebo, kotero ngakhale imamwa mafuta ochulukirapo pang'ono, ili ndi zochepa zimene zingawonongeke modula. Galimotoyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, koma warantiyo ndikuipatsa ziwiri zokha, ndipo yachiwiriyo ndi ya kalata yololeza ija. Ndikanakhala kuti ndikugula lero, ndikanapempha kuti mtengo utsike m'malo mwa waranti yotereyi, ndipo ndalama yotsalayo ndikanaisunga padera kuti ikhale ya sampu, mawashala ndi oyilo wa sevisi yoyamba.