Scribus: pulogalamu yomwe ndimasandutsira mitundu ya HSL kukhala inki

Mitundu ndimaisankha ndi HSL, njira yofotokozera mtundu ndi manambala atatu (digiri yake, kukhathamira ndi kuwala), chifukwa ndi mmene maso anga amaganizira. Ndimazunguliza gudumu la mitundu, wofiira uli pa madigiri 0, wachikasu pa 60, wobiriwira pa 120, buluu pa 240, ndikapeza womwe ndikuufuna ndimaukhathamiritsa kapena kuuwalitsa mpaka mtima ukhale pansi. Koma makina osindikizira madigiri sawadziwa. Iwo amafuna kumva kuti inki ya cyan igwe peresenti zingati, magenta zingati, yachikasu zingati, yakuda zingati. Ntchito zambiri zokongola zimaonongekera pakati pa ziwirizi, ndipo pulogalamu yomwe ndimaidalira pamenepa ndi Scribus.

Scribus ndi yaulere, ntchito yake ndi yoyala masamba a mabuku, magazini ndi mapositala. Anaiyambitsa ndi Franz Schmid mu 2001, imagwira pa Linux, Windows ndi macOS, ndipo ine ndili pa 1.6 yomwe inatuluka mu 2024. Za kuyala masamba sindilankhula pano. Nkhani yanga ndi ya mitundu basi.

Ambiri amathamangira timasamba ta pa intaneti tomwe umalembapo manambala a HSL n'kukupatsa a CMYK, a inki zinayi zija, nthawi yomweyo. Vuto lake ndi masamu omwe ambiri mwa timasambati timagwiritsa ntchito. HSL si china koma RGB yemweyo (wofiira, wobiriwira ndi buluu wa pa sikirini) atasanjidwa mwa njira ina, choncho tsambalo limabweza mtundu wanu ku RGB, n'kuchotsera nambala iliyonse ku 100, n'kukokera mbali ina ku inki yakuda. Tengani buluu weniweni, madigiri 240, kukhathamira 100, kuwala 50. Masamu amenewa adzakupatsani cyan 100, magenta 100, yachikasu 0, yakuda 0. Pa sikirini munali buluu wowala ngati nyali. Pa pepala mudzalandira mtundu woderako wopendekera ku pepo. Tsambalo silinakufunseni kuti pepala ndi lanji, makina ndi otani, inki ndi iti. Popanda mafunso amenewa, yankho lake ndi longopeka.

Scribus imafunsa. Mukatsegula Document Setup n'kupita pa Color Management, mumayatsa kasamalidwe ka mitundu n'kusankha mapulofayilo awiri, mafayilo ofotokoza mmene mitundu imaonekera pa sikirini ndi pa pepala. Ya RGB nthawi zambiri ndi sRGB, muyezo womwe HP ndi Microsoft anakhazikitsa mu 1996 ndipo ndi umene zinthu za pa intaneti zimatsata. Ya CMYK ndiyo yofunika kuiganizira bwino, chifukwa imafotokoza mmene inki imakhalira ikagwa pa pepala la mtundu wakutiwakuti. Mapulofayilowa amatsata dongosolo la bungwe la ICC lomwe linakhazikitsidwa mu 1993, ndipo Scribus imawawerenga kudzera mu kapulogalamu kosinthira mitundu kotchedwa Little CMS. Osindikiza akandiuza kuti pepala ndi losalala lonyezimira, ndimaika pulofayilo ya ISO Coated v2, yozikidwa pa muyezo wa FOGRA39, kapena PSO Coated v3 ya FOGRA51 ngati ndi yomwe iwo akutsata. Zonsezi bungwe la ECI limazipereka kwaulere. Kwa osindikiza otsata miyezo ya ku America, ndi SWOP kapena GRACoL.

Chomwe chimandisangalatsa ndi kuona mtundu umodzimodzi ukupereka manambala osiyana ndikangosintha pulofayilo. Kwa wongoyamba kumene zimaoneka ngati pulogalamu yabalalika, koma choonadi chake ndi chimenecho. Pepala losanyezimira limamwa inki, madontho amafalikira, mtundu umadera, ndiye pamafunika inki yocheperako kuti diso lione zofanana. Pulofayilo imasunganso malire a inki yonse ikaphatikizidwa: ISO Coated v2 imalola mpaka 330 peresenti, ilipo ina ya 300, ndipo ya pepala la nyuzipepala imathera pa 240. Mukapyola apo inki siuma msanga, imadinda kumsana kwa pepala linzake.

Kagwiridwe kanga ndi aka. Chizindikiro cha kampani kapena chithunzi chojambula ndimachipangira mu pulogalamu yojambulira ya Inkscape, momwe muli malo olembapo manambala a HSL. Ndikamaliza ndimalowetsa fayilo ya SVG (mtundu wa fayilo yomwe Inkscape imasunga) mu Scribus, ndipo mitundu yonse imabwera pa mndandanda wa Colors and Fills ndi maina oyamba ndi FromSVG. Ndimatsegula umodziumodzi, n'kuusintha kuchoka ku RGB kupita ku CMYK, pulogalamu n'kuwerengera potsata pulofayilo ija. Kenaka ndimaukonza ndi dzanja. Ngati wachikasu wabwera ndi cyan 3 peresenti, ndimaichotsa, chifukwa timadontho tochepa chotero timangodetsa mtundu. Manambala ndimawafikitsa pa 5 kapena 10 yapafupi kuti tsiku lina ndidzathe kuwabwereza pa ntchito ina ya kasitomala yemweyo. Ndikatero ndimaupatsa dzina loti wina aliyense alimve.

Pali mabokosi awiri omwe sindiwasiya osachonga. Simulate Printer on the Screen imaonetsa pa sikirini mmene pepala lidzaonekere, ndipo Mark Colors out of Gamut imadinda chenjezo pa mitundu yomwe inki zinayizi sizingaikwanitse. Buluu wowala uja, wobiriwira wothwanima, lalanje wakupsa kwambiri, yonseyi imagwidwa pomwepo. Pano ndi pamene HSL imanyengera anthu, chifukwa pa gudumu lake kukhathamira 100 kumaoneka kotheka pa digiri iliyonse. Ndimakonda kuti kasitomala akhumudwire pa sikirini panga, tisankhe limodzi mtundu wina, kusiyana n'kuti akakhumudwe mabokosi a zosindikiza atafika kale. Pa mitundu yosasakaniza ndimasankha njira yosinthira mitundu ya Relative Colorimetric pamodzi ndi Blackpoint Compensation, pa zithunzi ndimayesa Perceptual n'kuyerekeza.

Chenjerani ndi mtundu wakuda. Wakuda wa HSL, kuwala 0, ukadutsa mu pulofayilo umasanduka inki zonse zinayi zosanjikizana. Pa chikuto chachikulu chakuda zimenezo n'zabwino, koma pa zilembo zing'onozing'ono makina akangosemphanitsa pang'ono, zilembo zimakhala ndi mthunzi wofiirira m'mphepete. Zolemba zonse ndimazipatsa Black wa Scribus, yemwe ndi inki yakuda yokha pa 100. Print Preview imandithandiza kutsimikiza: imaonetsa inki iliyonse payokhapayokha, ndipo ndikazimitsa yakuda, zilembo zonse ziyenera kuzimiririka. Zikatsala, pali cholakwika. Kuti gawo limeneli ligwire, pa kompyuta payenera kukhala pulogalamu ina yotchedwa Ghostscript.

Chinthu china chomwe ambiri sachiona ndi HLC, njira ina yofotokozera mitundu yomwe ili pa mndandanda womwewo wa RGB, CMYK ndi Lab. Nayo imayenda ndi madigiri, koma kuwala kwake kumatsata diso la munthu. Mu HSL, wachikasu ndi buluu onse akhoza kukhala pa kuwala 50, chikhalirecho wachikasu ndi wowala kwambiri ndipo buluu ndi wodera. Mukafuna mitundu isanu yolemera mofanana pa tchati kapena pa zikuto za mabuku otsatizana, HLC imakufikitsani pafupi kuposa kungozunguliza gudumu la HSL. Masiku ano ndikuigwiritsa ntchito kwambiri.

Zoperewera zilipo. Malo olembapo manambala a HSL mwachindunji mulibe. Muli chithunzi cha HSV (njira yofanana ndi HSL) chodinapo ndi mbewa, choncho manambala enieni amayenera kudzera ku RGB kapena mu SVG. Mitundu ya kampani ya Pantone siibwera nayo chifukwa cha malamulo a umwini, ngakhale mungathe kudzipangira mtundu wa spot (wosindikizidwa ndi inki yakeyake) n'kuupatsa dzina lomwe mwagwirizana ndi osindikiza. Zokongoletsa zina za SVG, monga zofifiritsa m'mphepete, sizilowa bwino nthawi zonse. Maonekedwe a pulogalamuyi nawo ndi achikale, ndipo masiku oyamba munthu amasakasaka zinthu. Komanso zomwe sikirini ikuonetsa zimadalira sikiriniyo: ngati sinayezedwe ndi kachipangizo koyezera mitundu, musaikhulupirire kotheratu, pemphani osindikiza akupatseni pepala loyesera musanawauze kuti apitirize.

Potumiza ntchito ndimatulutsa PDF yokonzedwera osindikiza: PDF/X-1a ngati osindikiza akufuna CMYK yokhayokha, kapena PDF/X-4 ngati makina awo amalandira zinthu zoonekera mkati. Zosankha za PDF/X zimatseguka pokhapokha Color Management ili yoyatsa, ndiye mukaziona zili zotuwa, bwererani ku Document Setup mukayatse, musankhenso pulofayilo yomwe osindikiza anu akupatsani.